Chimene Chinkadya Matayala a Kumbuyo

Mumsewu wawo munalibe munthu womutchula dzina mwamuna wa Namwino. Onse ankangoti Bambo a Galimoto, iye n'kumayankha mano onse ali pamtunda. Amene ankamva kuwawa anali Namwinoyo, chifukwa dzinalo linali ndi mchira wake. Akatuluka kukataya zinyalala, azimayi a nyumba zoyandikana ankamukuwira kuti, "Mayi a Galimoto, mwadzuka bwanji? Nanga mwana wagona bwanji?" Zaka khumi ndi ziwiri ali pabanja popanda mwana, anthu n'kumamufunsa za mwana wa matayala anayi. Ankaseka nawo, nanga akanatani, koma akalowa m'nyumba ankayamba wakhala kaye pampando kwa kanthawi.

Chopsetsa mtima n'chakuti galimotoyo sinali ya mwamunayo n'komwe. Inali ya malemu bambo ake a Namwino, ndipo anasiyira iyeyo, mapepala ndi makiyi omwe. Inali galimoto yachikale, yaulemu wake, yoima bwino pa miyendo yake, ya buti yoti mwana wa ng'ombe akhoza kugonamo. Mwamuna wake, yemwe ankajambula mapulani a nyumba pa ofesi ina yongoyenda wapansi kuchokera kwawo, anaizungulira kwa sabata yathunthu manja ali kumbuyo, kenako n'kulengeza kuti yatalika kwambiri. Loweruka lina anatuluka nayo m'mawa n'kubwera nayo itatsitsidwa: masipuling'i aafupi, mimba yangotsala pang'ono kukhudza pansi. Pakati pa tayala ndi thupi la galimoto pankangolowa zala ziwiri, ndipo zala ziwirizo ankazipisa pamenepo m'mawa uliwonse asanapereke moni kwa mkazi wake.

Malamulo anabwera tsiku lomwelo. Osadyera mkati. Osamenyetsa chitseko. M'buti musalowe kanthu, ngakhale mpango. Tayala lapadera analichotsamo n'kulisunga kuchipinda chogona, pakona pamene Namwino ankasungira malo a kabedi ka mwana. Pakati pa sabata galimotoyo ankayendetsa Namwino, popeza chipatala chimene ankagwirako ntchito chinali kutsidya lina la tawuni. Loweruka ndi Lamlungu inkabwerera m'manja mwa Bambo a Galimoto.

Ndiyeno panali nkhani ya mahampu. Akakwera awiri, galimotoyo sinkatha kudutsa hampu osakanda mimba, choncho pa hampu iliyonse Namwino ankatsika kuti ipepuke. Ankanyonyomala m'mbali mwa msewu n'kumalozera ndi dzanja, mwamuna wake akuidutsitsa chopingasa, tayala limodzi limodzi, magalimoto ena akuliza mahutala kumbuyo. Lamlungu lina akuchokera kukaona manda a bambo ake a Namwino, mvula ikuwaza, anafika pa hampu yaikulu ya pafupi ndi sukulu, imene inali isanawalolepo kudutsa mwamtendere. Namwino anatsika ndi nsapato zake zabwino, ananyonyomala, analozera. Galimoto inadutsa osakhudza. Mwamunayo anafuula ndi chimwemwe, analiza hutala kawiri, n'kupita kunyumba.

Namwino anaima pamenepo akuganiza kuti ndi nthabwala. Itakwana nthawi yoti nthabwala ikanatha, anayamba kuyenda. Anafika kunyumba atanyowa mpaka mkati, nsapato zili m'manja, n'kupeza miyendo ya mwamuna wake itatulukira kunsi kwa galimoto.

"Sinakhudze, amayi!" anatero mawu ochokera pansipo. "Ngakhale pang'ono! Mukanaona!"

M'mawa mwake Namwino analongedza sutikesi n'kuiika m'buti. Anali atatsimikiza kuti akaweruka sabwerera kunyumba, angolunjika kwa akulu ake amene ankakhala tawuni ina, ulendo wa maola asanu. Koma ataweruka anakhala m'galimoto manja ali pa chiwongolero, anakumbukira mmene mwamunayo ankamuperekezera kusukulu ya unamwino atamunyamulira mabuku, ndipo anabwerera kunyumba. Ankamukondabe, ndiye panali vuto pamenepo. Choncho anamuikira mayeso amodzi okha, amene mwiniwake sankawadziwa: angoona yekha kuti m'nyumba mwasowa kanthu, afunse kuti, "Amayi, chavuta n'chiyani?" Funso limodzi lokhalo, iye akanatsitsa sutikesi ija n'kukhala. Likapanda kubwera, tsiku lina adzapita ndithu.

Funsolo silinabwere, ndipo buti inayamba kudzaza. Tsiku limene mwamunayo anapukutira malimu a matayala ndi thaulo latsopano la Namwino, m'buti munalowa mapoto. Tsiku limene anaiwala kuti ndi tsiku lobadwa la mkazi wake koma n'kukumbukira kuti yakwana nthawi yosintha oyilo, munalowa sutikesi yachiwiri ndi mabuku onse a unamwino. Kenako simbi, makatani a pabalaza, silinda ya gasi, wotchi ya pakhoma. Pomaliza munalowa makina osokera a malemu amayi ake, achitsulo chokhachokha, amene anawakankhira kumanzere chifukwa n'kumene kunatsala malo. Mwamunayo sankatsegula buti. Lamulo linati m'buti mulibe kanthu, ndiye akayang'anamo chiyani?

Anaona ndithu kuti kumbuyo kwa galimoto kwatsikirako, ndipo anasangalala. "Masipuling'i akukhazikika," anauza mkazi wake pa chakudya cha m'mawa, atakhala pabalaza popanda makatani, dzuwa likumuwomba m'maso. Anasunthako mpando pang'ono n'kupitiriza kumwa tiyi.

Koma m'mawa wina, akupisa zala zake ziwiri zija, chala chinakhudza chinthu chosalala. Analowa m'nyumba nkhope itagwa ngati wamva uthenga wa maliro. Matayala a kumbuyo anali akutha chamkati. Kunja mano onse analipo, atsopano, koma m'mphepete mwa mkati munali mutasalala, ndipo la kumanzere linali litayamba kuonetsa mawaya.

"Mawa ndikupita nayo kwa a Sipanala," anatero.

A Sipanala anali mayi wina makaniko, mwini garaja ya alayimenti, yowongola miyendo ya magalimoto, wodziwika kuti tayala akaligwira ndi chikhatho amaliwerenga ngati kalata. Namwino atamva dzinalo anada nkhawa. Ankafuna kuti mwamuna wake adziwe, inde, koma adziwe yekha, m'nyumba mwake, osati auzidwe ndi anthu a ku garaja anthu akuonerera. Mwayi wake unali woti mwamunayo akamapita ku garaja ankasamba nthawi yaitali ngati akupita kokafunsira ntchito. Madzi atangoyamba kuwawata kubafa, Namwino anatsegula buti n'kuyamba kututa. Munthu wozolowera kutembenuza odwala salephera makina osokera. Zonse anaziunjika m'khonde la mkati, pakati penipeni, pamene munthu sangadutse osaziona.

Mwamunayo anatuluka akununkhira sopo, anapeza masutikesi atatseka njira, anaima. Namwino anadikira funso lija. Mwamunayo anakwera pa sutikesi yaikuluyo, anafikira chitini cha polishi pamwamba pa kabati, anatsika, n'kutuluka panja.

Anabwerako masana ali wosokonezeka. Makina oyezera a a Sipanala anati galimoto ili bwino. Miyendo ya kumbuyo inali yopendekera mkati pang'ono, monga imachitira galimoto iliyonse yotsitsidwa, koma osati mpaka kudya tayala chonchi. Anaika matayala atsopano. Lolemba Namwino anabwezera katundu wake m'buti.

Patapita miyezi iwiri matayala aja anali atathanso chamkati. Namwino anatutanso, mwamuna anapitanso, makina ananenanso kuti zonse zili bwino. A Sipanala anayeza mpweya, anagwedeza tayala lililonse ndi manja awiri kuti amve ngati muli kulobodoka, anapisa chitsulo pa malabala onse a kunsi, osapeza kanthu. Ulendo wachitatu zinali chimodzimodzi. Apa ndiye mutu wa Bambo a Galimoto unayamba kubala nzeru zake. Anayamba wanena kuti misewu ya tawuni yonse inamangidwa mopendekera, ndipo analembera kalata akuluakulu a misewu. Kenako anakayikira mphaka wa anansi, amene ankakonda kugona pamwamba pa buti kumanzere, mpaka anamugwira n'kumuyeza pa sikelo ya kubafa. Kenako anaganiza kuti pali munthu wanjiru amene amabwera ndi tupa n'kumapala matayalawo, ndipo kwa sabata yathunthu sanapereke moni kwa mkulu wina wopuma ntchito wa nyumba yoyang'anana nayo. Anajambula tchati chachikulu cha kutha kwa matayala, mizere yofiira ndi yobiriwira, n'kuchikoloweka pabalaza pamene pankakhala wotchi. Anayamikira kuti wapeza msomali ulipo kale.

Namwino ankayang'ana zonsezi ali ndi mkwiyo ndi chisoni. Munthu wotha kuona kuti tayala lataya theka la milimita, osaona kuti m'nyumba mwatsala poto mmodzi! Popita kuntchito sankalabadiranso mahampu. Ankangodutsa, kumbuyo n'kumveka kuti khwee, iye n'kumva kukoma pang'ono.

Lachitatu lina m'mawa, atavala kale yunifolomu, atalowa m'galimoto n'kuliza injini, chitseko cha mbali inayo chinatseguka. Mwamuna wake analowa, atavala tayi.

"Lero ndapempha tchuthi," anatero. "Ndayimbanso kuchipatala kwanu kuti mufika mochedwa. Pali nkhani yofunika, ndipo ikufuna inuyo."

Pa zaka khumi ndi ziwiri anali asanapemphepo tchuthi chifukwa cha iye. Namwino anamva misozi ikubwera. Anazimitsa injini n'kutembenuka kuti amuyang'ane bwino.

"Lizani injini, lizani," anatero mwamunayo. "Tikupita kwa a Sipanala. Anati ndibwere nayo pakati pa sabata, ndi munthu amene amaiyendetsa, mmene ilili, osauza aliyense. Ndasunga chinsinsi masiku anayi, amayi. Sizinali zophweka."

Kubafa kunalibe wosamba tsiku limenelo. Namwino anayendetsa mwamantha mpaka ku garaja. Pa mahampu anatsika mwamunayo, popeza woyendetsa sangatsike, ndipo ananyonyomala ndi tayi wake n'kumalozera, akudabwa kuti lero ikukanda paliponse.

A Sipanala anali mayi wamfupi wa ovolosi yabuluu, magalasi a maso omangidwa ndi waya mbali imodzi. Sanataye nthawi ndi moni wambiri. "Mayi, khalani momwemo, musatsike," anatero. "Ikwezeni apa." Namwino anakweza galimoto pa zitsulo ziwiri zazitali, a Sipanala anadina batani, ndipo galimoto, Namwino, mapoto ndi makina osokera zonse zinanyamuka kupita kudenga. Anakhala pamwambapo atagwira chiwongolero, akuyang'anizana ndi nkhunda ziwiri zimene zinali pa mtanda wa denga, akumva zonse zokambidwa pansi pake.

"Bweretsani dzanja, bambo," anamva a Sipanala akunena. "Sisitani tayalali kupita mkati. Mwamva? Kosalala. Tsopano bwererani. Likukanda ngati sowo. Tayala limeneli silikungogudubuzika, likukhukhuluzika chammbali uku likuyenda. Galimoto mukaitsitsa, matayala a kumbuyo amapendekera mkati, amaponda ndi m'mphepete. Ikalemedwa amatang'adza kwambiri, ndiye amasiyanso kuloza kutsogolo."

"Koma makina anu anati ili bwino. Katatu konse."

"Makina anga ananena za galimoto ya Loweruka." Panamveka tepi yoyezera ikukokedwa. "Taonani pakhomapo, ndinalemba ndi choko. Kuchokera pakati pa tayala kufika pa thupi, Loweruka lija. Tsopano onani lero. Kumanja yatsika chala chimodzi, kumanzere chala chimodzi ndi theka. Walitsani tochi umu. Mukuona pamene pakunyezimira? Tayala limakhula pamenepo tsiku lililonse. Bambo, galimoto ya Loweruka ndi galimoto ya Lachitatu ndi magalimoto awiri."

Kenako mutu wa mwamuna wa Namwino unatulukira m'mbali, ukuyang'ana m'mwamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, kuposa mmene anamuyang'anirapo chaka chonsecho.

"Mwina amayiwa anenepa," anatero.

Namwino anali ataonda mpaka yunifolomu anaibweza kawiri.

"Amayiwa amakhala kutsogolo," anatero a Sipanala. "Vuto lili kumbuyo." Anadinanso batani, galimoto inatsika pang'onopang'ono. "Tsegulani buti."

"M'buti mulibe kanthu," anatero mwamunayo. "Ndi lamulo."

"Tsegulani tilione lamulolo."

Kachitsulo kotsegulira buti kanali pansi, pafupi ndi phazi la Namwino. Akanatha kunena kuti kanathyoka. Akanatha kubweza galimoto n'kuthawa. Koma anali atatopa ndi kututa, ndipo pansi pa manthawo panali kachiyembekezo kamene sikanafune kufa: mwina akaona zonse pamodzi, mulu umodzi, amvetsa. Anawerama, anakoka kachitsuloko, anatsika n'kukaima pambali pa mwamuna wake.

Buti inayasama. Masutikesi awiri. Mapoto olowetsana. Makatani opindidwa bwino, wotchi itagona pamwamba pake ikugundabe. Simbi, silinda ya gasi, katoni ya mabuku, nsapato zabwino zija zitauma n'kupindika. Kumanzere, makina osokera, akuda bii.

A Sipanala anangoyang'ana kamodzi. Anavula magalasi, anayang'ana Namwino, anawavalanso. "Ndikafune kaye chinachake kumbuyoku," anatero, ndipo anapita kukaima kuseri kwa mulu wa matayala akale, kumene kunalibe chilichonse chofuna.

Mwamunayo anaima kukamwa kuli yasa. Anatambasula dzanja n'kugwira makatani. Anagwira wotchi. Anagwira chogwirira cha sutikesi ija anakwerapo. Anatembenuka, maso ali ndi misozi, n'kunena motsitsa mawu:

"Amayi, ndikufunseni chinthu chimodzi."

"Funsani," anatero Namwino. M'mutu mwake anali atayamba kale kuganiza kuti makatani awapachika madzulo omwewo, ndi kuti wotchi ikufuna msomali wina.

"Makinawa akulemera makilo angati?"

Mwamunayo sanadikire yankho. Anawanyamula pang'ono, anawabweza, n'kuwomba m'manja. "A Sipanala! Bwerani! Tachipeza! Si misewu, si mphaka!" Anazungulira galimoto akudumphadumpha, tayi akuuluka. "Miyezi isanu ndi iwiri ndikusowa tulo! Ndikapepese kwa mkulu uja. Amayi, mwatithandiza kwambiri, simukudziwa."

Sanakwiye n'komwe kuti lamulo la buti laswedwa. Namwino akanakonda akanakwiya, akanakalipa, akanaponya poto pansi. Mkwiyo ukanasonyeza kuti akudziwa kuti pali munthu amene anachita zimenezi. Ndiye anachita chinthu chimene analumbira kuti sadzachita. Anamupatsa funsolo m'manja.

"Simundifunsa kuti katunduyu akupita kuti?"

Mwamunayo anaganiza mofatsa, monga munthu amene wafunsidwa za ntchito yake. "Kulikonse kumene akupita," anatero, "azikhala pakati, osati kumanzere."

A Sipanala anatuluka kuseri kwa matayala kuja akupukuta manja amene anali oyera kale. Anamangirira zitsulo za timagalasi pa matayala onse anayi, anayatsa kompyuta. Manambala a kumbuyo anatuluka ofiira psuu. Anawayang'ana, kenako anatembenukira kwa Namwino.

"Mayi, mapepala a galimotoyi ali m'dzina la ndani?"

"Langa."

"Ndiye funsoli ndi lanu. Miyendo iyi ndikhoza kuiwongola njira imodzi yokha. Ndikaiwongolera galimoto yopanda kanthu, katunduyu atsike ndipo asadzakwerenso. Ndikaiwongolera galimoto yonyamula, ndiye kuti ndi yonyamula. Zonse ziwiri sizitheka, mwaona nokha mmene matayala akuvutikira. Ndiwongole iti?"

"Ine ndikuganiza kuti," anayamba mwamunayo.

"Bambo, ndikufunsa eni ake."

Namwino anayang'ana mwamuna wake. Anamupatsa nthawi, yochuluka ndithu, mpaka nkhunda imodzi inauluka kutuluka panja n'kubweranso. Mwamunayo anali atagwada pa tayala la kumanzere, akupisa kamtengo ka machesi pakati pa mano a tayalalo n'kumalemba manambala pa chikhatho.

"Yonyamula," anatero Namwino.

"Ulendo wautali?"

"Wautali."

A Sipanala anagwedeza mutu n'kukatenga masipanala awo. Anawonjezeranso mpweya m'matayala a kumbuyo popanda wowapempha.

Mwamunayo anadzuka ndi mphamvu zatsopano. Ngati galimoto izikhala yonyamula, anatero, inyamule mwadongosolo. Anavula jekete, anapinda manja a shati, anatsitsa katundu yense n'kumuyala pansi. Ndiyetu munthu wojambula mapulani. Makina osokera anawaika pakati penipeni, pafupi ndi mpando wa kumbuyo, n'kuwamanga ndi lamba. Silinda ya gasi mbali iyi, mabuku mbali iyo, kuti zilingane. Mapoto anawakulunga ndi makatani kuti asamasokose. Wotchi anaipisa pakati pa masutikesi. Ankagwira chilichonse mosamala, akuimba kanyimbo pansipansi, ndipo Namwino sanakumbuke tsiku lina limene mwamunayo anasamalira zinthu zake chonchi. Pansi pa zonse anapeza chithunzi cha ukwati wawo, cha m'felemu. Anachiyeza m'dzanja.

"Ichi n'chopepuka," anatero. "Chikhoza kukhala paliponse." Anachilowetsa pampata umene unatsala, n'kutseka buti pang'onopang'ono, osamenyetsa.

Namwino anabwerera pampando wake, chifukwa a Sipanala anati woyendetsa akhalemo. Anakwezedwanso kudenga. Pansi pake mabawuti ankalira akumasulidwa, chitsulo chinkagogoda, mwamuna wake ankawerenga manambala mokweza ngati akuonera mpira. Pamwambapo, pamene panalibe womuona koma nkhunda, Namwino analira. Analira mwakachetechete, osagwedezeka, kuti asasokoneze muyezo. Pamene galimoto inkatsika anali atapukuta kale nkhope, ndipo manambala onse anali obiriwira.

A Sipanala anachotsa zitsulo zawo, anawerama pa windo. "Mukayenda ola limodzi muime, mugwire matayala a kumbuyo ndi chikhatho," anatero motsitsa mawu. "Akakhala ofunda mofanana, pitirizani. Muyende bwino, mayi."

"Zikomo."

Namwino anabweza galimoto n'kuitulutsa pa geti. Kutsogolo kwa garajayo kunali msewu wautali wowongoka, wopanda hampu, wopita kunja kwa tawuni. Anaima, n'kutambasula dzanja kutsegula chitseko cha mbali inayo. Anachitsegula ndithu, chinakhala chotsegula.

Mwamunayo anabwera akuthamanga n'kuchitseka bwinobwino ndi manja awiri.

"Ayi, ine ndisakwere, ndisokoneza muyezo," anatero. "Ndikufuna ndione kumbuyo mmene matayala akuimira ikamayenda. Inu ingowongolani msewu umenewu. Musakhote, musaime, musatembenuke. Pitani basi."

"Ndipite?"

"Pitani, amayi. Mukudikira chiyani?"

Anathamangira kumbuyo, ananyonyomala pakati pa msewu, anatsinzina diso limodzi. Namwino analowetsa giya. Galimoto inanyamuka mosalala, osakokera mbali iliyonse, chiwongolero chili phee m'manja mwake. Anadutsa sitolo ya matayala, anadutsa malo omwetsera mafuta, akuyenda pang'onopang'ono kuti ngati munthu angaimirire n'kukuwa, amve. Pa galasi ankamuonabe, akucheperachepera, tayi ali paphewa. Anali chinyonyomalire, maso ali pa matayala, dzanja lili m'mwamba likumuuza kuti azipitabe.